Achule onamizira owedzera pamwamba pa madzi: mugule uti?

Mwa nyambo zonse zopangidwa ndi anthu, palibe imene imagunditsa mtima ngati chule wa labala. Mwamuponya pakati pa masamba a kakombo, wagwa kuti chubwi, mwamusiya kaye kuti madzi adekhe, kenako mwagwedeza ndodo kawiri. Mwadzidzidzi madzi aja phava! chule osaonekanso. Koma palibenso nyambo imene imataya nsomba zambiri ngati yomweyi, ndipo zinthu ziwirizi gwero lake ndi limodzi. Kuti chule adutse pa udzu osakodwa, mbedza zake zimayenera kubisika. Mbedza zikabisikira udzu, zabisikiranso kukamwa kwa nsomba. Chule aliyense amene mungamuone m'sitolo anapangidwa moyesa kugwirizanitsa ziwirizi, ndipo aliyense amapendekera mbali imodzi. Funso logulira si lakuti wokongola ndi uti, koma lakuti madzi amene mukukawedzawo ali ndi udzu wochuluka bwanji.

Nsomba yake ndi iti

Achulewa kwawo ndi ku America, kumene anawapangira nsomba yotchedwa largemouth bass. Kampani ya Snag Proof ya ku Cincinnati inayamba kugulitsa chule wa mimba ya mphako kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndipo malo monga nyanja ya Guntersville ku Alabama ndi California Delta anatchuka chifukwa cha udzu umene umayala pamwamba pa madzi ngati mphasa, bass zili pansi pake. Nsombayi inabweretsedwa ku South Africa mu 1928, n'kufalikira m'madamu a kumwera kuno. Amene muli ku Durban kapena ku Pietermaritzburg muli pafupi ndi madamu a Inanda ndi Albert Falls. Ku Zimbabwe kuli Mteri kufupi ndi Chiredzi ndiponso Darwendale. Ku Mozambique kuli damu la Chicamba m'chigawo cha Manica. Ku Britain nsomba imene imajompha chule ndi pike, ku Thailand ndi ku Malaysia ndi snakehead.

Ngati nsomba zanu ndi chambo, utaka kapena usipa, sungani ndalama zanu, nkhaniyi ingowerengani ngati nthano. Mlamba wokha ndi umene ungakuyeseni. Umadya achule enieni, ndipo nthawi zina umadzuka n'kumenya nyambo ya pamwamba, makamaka kukamada kapena madzi akangosefukira m'madambo. Komabe mlamba umasaka kwambiri ndi ndevu zake ndi fungo, choncho nyongolotsi idzaugwira kawirikawiri kuposa labala.

Zoyenera kuyang'ana musanatulutse ndalama

Choyamba ndi udzu. Pali udzu woyala wopanda mpata, pali masamba a kakombo okhala ndi timipata, pali bango ndi mlulu zoima motalikirana, ndiye pali madzi oyera m'mphepete mwa zonsezi. Malo anayiwa safuna chule mmodzi.

Chachiwiri ndi kufewa kwa thupi. Mufinyeni chuleyo ndi zala ziwiri. Akaphwa mosavuta, nsonga za mbedza n'kutulukira poyera, ndiye kuti nsomba ikamuluma mbedza zilowa. Akakhala gwa ngati chidendene cha nsapato, adzadutsa pa udzu bwinobwino koma nsomba zidzangomulavula. Yang'ananinso kunenepa kwa waya wa mbedza, chifukwa nsomba mudzaikoka pamodzi ndi mtolo wa udzu, ndipo waya woonda amawongoka.

Chachitatu ndi kulemera. Achule ambiri amalemera magalamu 14 mpaka 18. Wolemera amapita patali, ndipo pa udzu wokhuthala amadinda pang'ono moti nsomba ili pansi imaona kuti pamwamba pakuyenda kanthu. Wopepuka amagwa mwakachetechete, zimene zimathandiza pa dziwe laling'ono.

Za mtundu musavutike nazo. Mawanga obiriwira a kumsana, maso onga enieni, zonsezo anazipentera inu ogula. Nsomba imamuona chule kuchokera pansi, ndiye chimene imaona ndi kumimba. Wa kumimba koyera mmodzi ndi wakuda mmodzi akukwanirani. Wachikasu ndi wongowonjezera.

Chomaliza, chimene ambiri amachiiwala powerengera ndalama, ndi ndodo ndi chingwe zimene muli nazo kale. Chule wa pa udzu wokhuthala amafuna ndodo yolimba ya mamita 2.1 mpaka 2.3 ndi chingwe choluka chimene amachitcha braid, champhamvu ya mapaundi 50 mpaka 65. Braid imayandama, sitamuka, ndipo imacheka mapesi a kakombo nsomba ikamazungulira. Chingwe wamba cha nayiloni chimatamuka, moti mukakoka mphamvu yanu imathera m'njira isanafike pa mbedza ziwiri zonenepa zija. Ngati ndodo yanu ndi yofewa ndipo simukufuna kugula ina, zimenezo zokha zachotsa kale achule ena pa mndandanda wanu.

Chule wa mimba ya mphako, wa mphuno yosongoka

Uyu ndi amene anthu amatanthauza akangoti chule. Thupi ndi labala wofewa wopanda kanthu m'kati, mbedza ziwiri zolumikizana zagona m'mbali mwa msana nsonga zitaloza m'mwamba, kamtovu kali kumbuyo kuti azigwa chafufumimba, ndipo miyendo ndi timaulusi ta labala. Pa paketi amalemba kuti hollow body. Odziwika ndi SPRO Bronzeye 65, amene anapangidwa mothandizana ndi katswiri wa mipikisano Dean Rojas, Booyah Pad Crasher, Scum Frog, LiveTarget ndi River2Sea Bully Wa. Ubwino wake waukulu ndi wakuti mukasiya kupukusa amangoyandama pomwepo. Mukhoza kumukokera pa udzu, kumuimika pa kampata kakang'ono ngati mbale, n'kumusiya mpaka nsomba itopa nako kumuyang'ana.

*Mtengo.* Ku America a mayina odziwika amagulidwa pakati pa madola 7 ndi 15 mmodzi, Pad Crasher ali chakumunsi, Bronzeye ndi LiveTarget chakumtunda. Akafika kuno wonjezerani msonkho ndi zonyamulira. Koma mtengo weniweni ndi ndodo ndi braid zija, zimene zimaposa chuleyo kangapo.

*Kapezekedwe.* M'masitolo a zowedzera ku Johannesburg, Durban, Cape Town ndi Harare samasowa, makamaka nyengo yotentha. Ku Lilongwe kapena ku Blantyre njira yodalirika ndi kutuma wachibale amene akubwera kuchokera ku Joni kapena kuitanitsa pa intaneti. Pa intaneti pomwepo pali achule opanda dzina amene amagulitsidwa asanu pa mtengo wa mmodzi. Ine ndinagulapo paketi yotere. Awiri ankamira ndisanaponye kakhumi, mmodzi ankagwa chagada, ndipo wachinayi mbedza yake inawongoka ndi nsomba yoyamba yaikulu. Wachisanu ndikadali naye, amagwira ntchito ngati wodula. Ndi mwayi chabe, ndipo ngati mukutumiza ndalama kamodzi pa chaka sindingakulangizeni kuchita juga yotere.

*Kasamalidwe.* Apa pali ntchito. Chule aliyense wa mtundu uwu amalowa madzi, ngakhale wodula, kudzera pa bowo la kumphuno ndi pamene mbedza zimatulukira. Mukaponya kangapo mufinyeni madzi atuluke. Akayamba kulowa kwambiri, kadontho ka guluu pamphuno kamathandiza. Asanalowe m'madzi koyamba, ambiri timadula miyendo ndi sizasi, kuchotsa masentimita 2 kapena kuposerapo pang'ono, chifukwa miyendo yaitali imapangitsa nsomba kuluma ulusi n'kusiya thupi, komanso imamulepheretsa kupotokola uku ndi uku. Timatenganso pulayazi n'kutanyula mbedza pang'ono, kuzichotsa pa thupi ndi kuzikweza m'mwamba. Pang'ono penipeni: mukapitirira, chule ayamba kukola udzu ndipo mwaononga chimene munamugulira. Wolimba thupi mukhoza kumuviika m'madzi otentha kwa kanthawi kuti afewe. Pobwera kowedza muumitseni musanamutsekere m'bokosi, apo ayi mbedza zichita dzimbiri m'kati momwe simukuona, ndipo musamusiye m'galimoto yotsekedwa mwezi wa Okutobala.

*Zovuta.* Kuphonya. Madzi akaphulika, dzanja limafuna kukoka nthawi yomweyo, ndipo mukatero chule amabwera akuuluka n'kukupezani kumaso, nsomba itatsala. Nthawi zambiri bass imayamba yamenya chule kudzera mu udzu, kenako n'kumumeza bwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha: tsitsani ndodo, pukusani mpaka mumve kulemera, ndiye kokani mwamphamvu kuloza kumwamba, osapatsanso nsomba mpata wolowera pansi. Ikaphonya, musamuchotse chuleyo. Musiyeni pomwepo, mumugwedeze pang'ono, kawirikawiri imabwereranso. Ngakhale mutazolowera, vomerani kuti zina zidzapita.

Pali malire enanso amene otsatsa sawanena. Namasupuni wothithikana, monga amene amadzaza damu la Hartbeespoort ku South Africa kapena la Chivero ku Zimbabwe nyengo zina, ndi wokhuthala kwambiri. Chule amangoyenda pamwamba pa masamba kutali ndi madzi, nsomba sizimuona ndipo sizingaboole. Pamenepo muziponya m'mphepete ndi m'timipata basi.

Wa kukamwa kolowa ngati supuni

Thupi ndi mbedza n'zofanana ndi woyamba uja, kusiyana kuli kumaso: m'malo mwa mphuno yosongoka ali ndi kukamwa kolowa m'kati, moti mukagwedeza ndodo amalavula madzi kuti thibu, thibu. Pa paketi amalemba kuti popping frog, monga Bronzeye Pop ndi Poppin' Pad Crasher.

*Mtengo* ndi wofanana ndi mnzake. *Kapezekedwe* nakonso n'chimodzimodzi, ngakhale masitolo ang'onoang'ono amasunga mitundu yochepa. *Kasamalidwe* n'komweko, kufinya, kudula, kuumitsa. *Zovuta* zake n'zakuti kukamwa kuja kumawola ndere ndi zinyalala, ndipo pa udzu woyala amagunda m'malo motsetsereka. Phokoso limene limaitana nsomba pamene pali kamphepo kapena madzi a matope ndi lomwenso limazithamangitsa pa dziwe la bata m'mamawa. Malo ake ndi m'mphepete mwa bango, pansi pa nthambi zolendewera ndi pakati pa akakombo otalikirana.

Wa labala yekhayekha, wopalasa miyendo

Uyu alibe mphako ndipo amabwera wopanda mbedza. Ndi labala wofewa thupi lonse, miyendo iwiri yakumbuyo ili ndi timapazi timene timapalasa madzi mukamapukusa mosalekeza, n'kumamveka ngati kamtsinje. Azungu amamutcha toad. Zoom Horny Toad ndi Stanley Ribbit ndiwo akale odziwika. Mbedza mumaika nokha, imodzi ya mimba yaikulu ya nambala 4/0 kapena 5/0, nsonga n'kuibisa pang'ono pamsana.

*Mtengo.* Paketi ya achule asanu imagulidwa pafupifupi mtengo wa chule mmodzi wa mphako wotsika mtengo, kenako muonjezerepo mtengo wa paketi ya mbedza. Poyamba zimaoneka zotchipa, koma chule mmodzi amang'ambika ndi nsomba ziwiri kapena zitatu, nthawi zina imodzi yokha ikadula mwendo. Tsiku limene nsomba zikudya bwino paketi imatha dzuwa lisanafike pamutu. Chimene mumapulumutsa ndi ndodo: popeza mbedza ndi imodzi, ndodo yapakatikati ndi braid ya mapaundi 30 mpaka 40 zimakwana ngati udzu si wokhuthala.

*Kapezekedwe.* Ndi wosavuta kumupeza kulikonse kumene amagulitsa nyambo za bass, ndipo ndi wosavuta kutumiza chifukwa paketi ndi yopyapyala, imalowa m'thumba la jekete. Onetsetsani kuti amene mwamutumayo wagulanso mbedza zake. Mbedza wamba za nyongolotsi mimba yake ndi yaing'ono, labala amadzaza mpata wonse.

*Kasamalidwe.* Musiyeni m'paketi yake, miyendo itawongoka, chifukwa mwendo wopindika supalasa. Mphuno ikang'ambika, guluu kapena mbedza yokhala ndi kawaya kopota kamene kamalowa m'mphuno zimamuonjezera moyo. Chenjezo limodzi: achule ena, monga a kampani ya Z-Man, amapangidwa ndi labala wina wotamuka kwambiri amene sang'ambika msanga ndipo amayandama, koma akakhudzana ndi labala wamba m'bokosi amasungunuka n'kusanduka phala. Asungeni paokha.

*Zovuta.* Ambiri mwa achulewa amamira mukasiya kupukusa, choncho simungamuimike pa kampata n'kudikira. Mukabaya mbedza mokhota amayenda chagada kapena kuzungulira n'kupota chingwe. Ndipo zidutswa zimene zimaduka zimatsala m'madzi kapena m'mimba mwa nsomba. Zong'ambika muzibwerera nazo kunyumba. Koma ndinene maganizo anga: kwa munthu amene akuyamba kumene, uyu ndiye mphunzitsi wabwino. Mumayenda naye mtunda wautali mwamsanga, mumadziwa pamene pali nsomba, ndipo zambiri zimene zamenya zimakodwa.

Wa mchira wozungulira

Ndi mwana wa chule wa mphako ndi wa labala yekhayekha: thupi la mphako, koma m'malo mwa miyendo ali ndi mchira umodzi umene umazungulira n'kumamenya madzi mukamapukusa. Teckel Sprinker wa ku Japan ndiye anatchukitsa mtunduwu, kenako kunabwera ena monga Booyah Toad Runner. Amapalasa ngati wa labala yekhayekha, koma mukaima amayandama.

*Mtengo* wake uli pamwamba pa onse a mphako. *Kapezekedwe* n'kovutirapo, nthawi zambiri mpaka kuitanitsa. Pa *kasamalidwe* chachikulu ndi mchira, umene umaduka kapena kupindika, ndiye gulani wokhala ndi mchira wapadera. *Zovuta:* kachitsulo kozungulira kakangokola kaudzu kamodzi, mchira umaima ndipo mwaponya pachabe. Ndi chule wabwino, koma ndi wachitatu kapena wachinayi m'bokosi, osati woyamba.

Wolimba, wa mtengo kapena pulasitiki

Achule olimba ndiwo akale kwambiri. Jitterbug ya Fred Arbogast wa ku Akron, Ohio, inatuluka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 ndipo ikugulitsidwabe, pamodzi ndi Hula Popper, zonse zili ndi mtundu wa chule. Zimenezi zili ndi mbedza za nsonga zitatu zolendewera poyera. Ku Thailand kuli mtundu wina, kachule kosema ku mtengo wopepuka kokhala ndi mbedza ziwiri kumbuyo zoloza m'mwamba, kamene amakakoka mothamanga kuti kazidumpha pamadzi posaka snakehead.

*Mtengo.* Ndi wofanana ndi chule wa mphako wapakatikati, koma mumagula kamodzi. Ka ku Thailand kaja munthu wodziwa kusema akhoza kukapanga yekha: kachidutswa ka mtengo wopepuka, waya wolimba wodutsa pakati, kamtovu kumimba, penti ndi vanishi. Amene anasemapo chipande sangalephere, ngakhale kuti kupeza poika mtovu kuti kazigwa chafufumimba kumafuna kuyesa kangapo mu ndowa.

*Kapezekedwe.* Jitterbug ndi Hula Popper zimapezeka m'masitolo akuluakulu ndi pa intaneti, ngakhalenso kwa anthu ogulitsa zowedzera zakale. *Kasamalidwe* n'kochepa: kunola kapena kusintha mbedza, kupaka vanishi pamene mano akanda kuti mtengo usamwe madzi.

*Zovuta.* Wa mbedza zolendewera sayandikira udzu ngakhale pang'ono. Tsamba limodzi lamukwanira. Mbedza zomwezo ndi zoopsa ku zala pochotsa nsomba imene ikuphiriphitha, makamaka usiku, nthawi imene Jitterbug yakuda imagwira bwino kwambiri. Khalani ndi pulayazi. Koma pa madzi oyera palibe chule wina amene amakola nsomba zambiri mwa zimene zamenya, ndipo ndodo wamba ndi chingwe cha nayiloni zimakwana.

Za m'madzi mwenimwenimo

Malo amene chule amagwira bwino, osaya, ofunda, a udzu, ndi malo omwenso ng'ona imakonda. Ku Mteri, ku Chicamba, ku chigwa cha Shire ndi m'madamu ambiri a kumadera otentha, chule akakodwa pa bango dulani chingwe. Musavule nsapato kumutsatira. Madzi odekha a udzu ndi kwawonso kwa nkhono zofalitsa likodzo. Mbalame zodya nsomba nazo zimanyengeka, ndiye mukaona kakowa kapena nkhwazi ikuyang'anitsitsa, vuulani chule wanu.

Nyengo yake ndi yotentha. Kumwera kuno bass zimaswana cha m'ma Ogasiti mpaka Okutobala, ndipo kuyambira pamenepo mpaka cha mu Epulo zimakhala m'madzi osaya. M'mamawa, madzulo ndi tsiku la mitambo ndi nthawi zabwino pa madzi oyera, koma pansi pa udzu woyala zimadya ngakhale masana dzuwa likuswa mtengo, chifukwa mthunzi uli pomwepo. Mu Juni ndi Julayi chule apume.

Ku South Africa malamulo a chilolezo chowedzera m'madzi a kumtunda amasiyana chigawo ndi chigawo, ndipo bass ili m'gulu la nsomba zachilendo zimene lamulo sililola kuzisamutsira ku damu lina mwachisawawa. Ku England ndi ku Wales pamafunika laisensi ya ndodo, ndipo m'mitsinje kuwedza nsomba monga pike kumatsekedwa kuyambira pa 15 Malichi mpaka pa 15 Juni.

Ndiye mugule uti

Ngati damu lanu lili ndi udzu woyala kapena akakombo ogundana, ndipo muli ndi ndodo yolimba ndi braid, gulani wa mphako wa mphuno yosongoka, awiri, woyera kumimba ndi wakuda, a dzina lodziwika. Ngati ndodo yotereyo mulibe, yambani mwagula ndodoyo.

Ngati mukuyamba kumene, kapena mukupita ku damu limene simukulidziwa, tengani paketi ya a labala yekhayekha ndi mbedza za 4/0. Amene muli ndi boti ndi ndodo ziwiri, mangani uyu ku imodzi kuti muzifufuzira, wa mphako ku inayo kuti muziponyera pamene nsomba yaphonya.

Ngati madzi ndi a matope, kapena kumakhala kamphepo madzulo alionse, ndipo udzu ndi wotalikirana, wa kukamwa kwa supuni ndiye wanu. Wa mchira wozungulira muonjezereni mukaona kuti nsomba zikutsatira wopalasa miyendo koma zikufuna kuti aime.

Ngati mumawedza pa damu la pafamu la madzi oyera, kapena usiku, kapena muli kutali ndi sitolo moti chimene mwagula chiyenera kukhala zaka, tengani wolimba. Ndiyenso woyenera kuyesera mlamba, chifukwa mlamba umamenya mosalunjika ndipo mbedza zobisika umaziphonya kawirikawiri.

Amene muli ku Britain mukufuna pike m'ngalande zodzaza masamba, wa mphako amagwira, koma ikani waya pakati pa chule ndi chingwe chifukwa mano a pike amadula braid, ndipo tengani otsika mtengo angapo m'malo mwa wodula mmodzi: pike ziwiri kapena zitatu zikamuluma amabooka n'kuyamba kumira, guluu n'kukhala mnzanu wa madzulo alionse.